Kodi dzina lakuti Pasig ndi la Chitagalogi, ndipo limanena za mtsinje kapena za mchenga?

Nachisale analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse amene mumawerenga pano. Ndine mphunzitsi wa sekondale, ndipo pokonzekera phunziro lonena za mizinda ikuluikulu imene inamangidwa m'mphepete mwa mitsinje, ndinasankha Manila, likulu la dziko la Philippines, kuti ikhale imodzi mwa zitsanzo zanga. Mtsinje umene umadula mzindawu pakati ndi Pasig, wotalika makilomita pafupifupi 25, ndipo umachokera m'nyanja ya Laguna de Bay n'kukathira m'nyanja yamchere pa Manila Bay. Kum'mawa kwa Manila kulinso mzinda wina wodziwika ndi dzina lomweli la Pasig, umene pa kalembera wa mu 2020 unapezeka ndi anthu oposa 800,000.

Chimene chandiimika mutu ndi dzinali. Ndimakonda kuuza ophunzira anga tanthauzo la dzina la malo alionse amene tikuphunzira, chifukwa ndinaona kuti mwana akadziwa tanthauzo la dzina, malowo sawaiwala msanga. Koma nditayamba kufufuza za Pasig ndinapeza mafotokozedwe asanu osagwirizana. Ena akuti ndi mawu a Chitagalogi, chinenero cha anthu a ku Manila ndi madera ozungulira, otanthauza mtsinje wothira m'nyanja, kapenanso gombe lamchenga la mtsinje. Ena akuti ndi mawu a Chisansikiriti, chinenero chakale cha ku India. Ena akuti dzinali ndi chidule cha dzina la Miguel López de Legazpi, mtsogoleri wa atsamunda a ku Spain. Palinso nthano ya mnyamata wina dzina lake Virgilio, amene akuti pomira m'mtsinjewu anafuula kwa bwenzi lake Paz m'Chisipanishi kuti "Paz, sígueme", kutanthauza kuti "Paz, unditsate", koma madzi anam'tseka pakamwa atangofika pa "Paz, sig". Omaliza akuti dzinali linachokera ku mawu a Chitagalogi akuti mabagsik, onena za ukali wa madzi, amene amalonda a ku China ankalephera kuwatchula bwino.

Sindikufuna kukaima pamaso pa ana ndi kuwauza nthano ngati kuti ndi mbiri yotsimikizika. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndiye ndabwera ndi mafunso atatu. Loyamba, kodi pali umboni wotani wosonyeza kuti dzinali ndi la Chitagalogi chenicheni? Lachiwiri, zingatheke bwanji kuti mawu amodzi atanthauze mtsinje komanso mchenga wa m'mbali mwake? Lachitatu, ndi chiti chinayamba kutchedwa Pasig, mtsinje kapena mudzi umene lero ndi mzinda?

Mwale anayankha kuti:

Mayi Nachisale, mwafunsa bwino, ndipo funso lanu loyamba lili ndi yankho lolimba kuposa mmene mafotokozedwe asanu aja akuonetsera. Mafotokozedwewo salemera mofanana. Amodzi okha ndiwo ali ndi umboni umene munthu wina aliyense angauyese payekha, ndipo ndi aja onena kuti pasig ndi mawu a Chitagalogi amene eni ake anachita kulandira kwa makolo awo.

Chitagalogi chili m'banja lalikulu la zinenero lotchedwa Austronesian, limene lili ndi zinenero zoposa 1,000 zoyankhulidwa kuyambira ku Madagascar mpaka ku Rapa Nui, ndiponso kuyambira ku Taiwan mpaka ku New Zealand. Zinenero zonse za m'banjali zimene zili kunja kwa Taiwan zinachokera ku chinenero chimodzi chakale chimene akatswiri amachitcha Proto-Malayo-Polynesian, chimene chinkayankhulidwa zaka pafupifupi 4,000 zapitazo. Chinenerochi sichinalembedwe paliponse, koma mawu ake amadziwika poyerekeza mawu a zidzukulu zake. Akatswiri akapeza mawu m'njira imeneyi amawalemba ndi kanyenyezi kutsogolo, posonyeza kuti palibe amene anawaona atalembedwa. Mawu amene akutikhudza pano amalembedwa kuti *pasiR.

Chilembo chachikulu cha R chakumapetocho ndicho mwini nkhani. Chikuimira liwu lina lakale limene linasintha mosiyanasiyana m'zinenero za m'banjali, koma m'chinenero chilichonse linasintha mwa njira yake yokhazikika. M'Chimalay, chimene chimayankhulidwa ku Malaysia, ku Brunei, ku Singapore ndi ku Indonesia, linasanduka r. M'Chitagalogi linasanduka g. Woyamba kuzindikira zimenezi anali katswiri wa ku Netherlands, Herman Neubronner van der Tuuk, amene anamwalira mu 1894, ndipo lamuloli limatchedwa lamulo la RGH potsatira zilembo zitatu zimene liwulo limasanduka kawirikawiri.

Zitsanzo zake n'zomveka ngakhale kwa munthu amene sadziwa zinenero ziwirizi. Thanga la ngalawa m'Chimalay ndi layar, m'Chitagalogi ndi layag. Mlomo m'Chimalay ndi bibir, pamene m'Chitagalogi bibig ndi pakamwa. Kokonati ndi nyiur ndi niyog. Dzira ndi telur ndi itlog. Kugona tulo ndi tidur ndi tulog. Ngakhale liwulo likhale pakati pa mawu, lamulo silisintha: mpunga wopuntha koma wosaphika ndi beras ndi bigas, mtsempha ndi urat ndi ugat, kulemera kwa katundu ndi berat ndi bigat. Tsono mchenga m'Chimalay ndi pasir. Munthu amene watsatira zitsanzo zonsezi atha kulosera yekha, asanatsegule mtanthauziramawu aliyense, kuti m'bale wa mawu amenewa m'Chitagalogi ayenera kukhala pasig. Ndipo mawuwo alipodi, ali ndi tanthauzo loyandikana ndi mchenga. Kufanana kwa mwangozi sikutsata lamulo chonchi.

Pali umboni wina umene ine ndimauona kuti ndi wofunika kwambiri, chifukwa wina atha kunena kuti Atagalogi anangobwereka mawuwa kwa amalonda oyankhula Chimalay, amene ankabwera ku Manila kalekale Asipanishi asanafike. N'zoona kuti Chitagalogi chinabwereka mawu ambiri ku Chimalay. Koma mawu obwerekedwawo ali ndi chizindikiro chawo: r wa Chimalay amasanduka l, osati g. Surat, kutanthauza kalata, anasanduka sulat. Harga, kutanthauza mtengo wogulira chinthu, anasanduka halaga. Berita, kutanthauza nkhani, anasanduka balita. Mawu akuti pasir akanakhala obwerekedwa, bwenzi lero tikukamba za mtsinje wa Pasil. Chilembo cha g chija chikutiuza kuti mawuwa anakhala m'kamwa mwa makolo a Atagalogi kuyambira nthawi imene liwu lakale lija linali lisanasinthe.

Mawuwa sanathere pa dzina la mtsinje. M'Chitagalogi cha masiku ano gombe la nyanja limatchedwa dalampasigan, ndipo mukayang'ana pakati pa mawu amenewa muona pasig ali momwemo, atatsatidwa ndi mphatikiri -an imene imasonyeza malo. Mwana aliyense wa ku Manila amawadziwa mawu akuti dalampasigan, ngakhale kuti ambiri sazindikira kuti ndi apachibale ndi dzina la mtsinje umene amawoloka tsiku ndi tsiku. Kumbali ya Chimalay, mawu akuti pasir ali m'maina a malo ambiri, monga Pasir Ris ndi Pasir Panjang ku Singapore, Pasir Gudang ku Johor ndi Pasir Mas ku Kelantan. Choncho kutcha malo dzina la mchenga ndi chizolowezi cha banja lonse la zinenerozi.

Pa funso lanu lachiwiri ndinena maganizo anga, ndipo muwatenge ngati maganizo. Tanthauzo la mchenga ndilo lakale, popeza ndi limene likupezekanso kwa abale a Chitagalogi. Kuchoka pa mchenga kufika pa gombe lamchenga ndi phazi limodzi. Kuchoka pa gombe lamchenga kufika pa mtsinje wokhala ndi magombe otere ndi phazi linanso, ndipo mitsinje imaunjika mchenga kwambiri kumunsi, kumene madzi afatsa poyandikira nyanja. N'chifukwa chake matanthauzo awiriwo sakulimbana: limodzi likuloza pamene munthu waima, linalo likuloza madzi amene akudutsa patsogolo pake. Dziwaninso kuti mawu wamba a mtsinje m'Chitagalogi ndi ilog, ndipo mawu wamba a mchenga masiku ano ndi buhangin. Pasig anatsala ndi ntchito yapadera pakati pa awiriwa, kenako anaumira m'dzina.

Mbewe anayankha kuti:

Ndawerenga zimene a Mwale alemba ndipo pa nkhani ya malamulo a kasinthidwe ka mawu ndilibe choonjezera. Ine ndinakhala ku Metro Manila, dera lophatikiza Manila ndi mizinda yoyandikana nayo, zaka zitatu ndili pa maphunziro, ndipo ndinakwerapo kangapo boti lonyamula anthu limene limayenda pa mtsinjewu kuchokera ku Pinagbuhatan, mu mzinda wa Pasig, mpaka ku Escolta, pakati pa Manila wakale. Ndikufuna kuwonjezera zimene munthu amaona akakhala pamadzipo, chifukwa zikukhudza tanthauzo lija lakuti mtsinje wothira m'nyanja.

Pasig si mtsinje wotsika m'phiri ndi kuthamangira kunyanja. Ndi njira yokhayo yachilengedwe imene madzi a Laguna de Bay amatulukira, ndipo nyanja imeneyi, ngakhale ndi yaikulu kuposa nyanja zonse za madzi opanda mchere m'dzikolo, ndi yosaya, yakuya mamita osakwana atatu m'malo ambiri. Kutalika kwa madzi ake sikusiyana kwenikweni ndi kwa madzi a Manila Bay. Zotsatira zake n'zakuti m'nyengo yamvula, nyanja ikadzaza, mtsinje umayenda kulowera kumadzulo, kunyanja yamchere. Koma m'chilimwe, madzi a Laguna de Bay akatsika, nyanja yamchere ikamadzaza imakankha mtsinje kuti ubwerere m'mbuyo, ndipo madzi amchere amakafika mpaka mu Laguna de Bay. Tsiku loyamba kuona zinyalala ndi namasupuni zikuyandama kulowera kumtunda ndinaganiza kuti ndasokonezeka mbali, mpaka mnzanga wa komweko anandifotokozera.

N'chifukwa chake ine sindingafulumire kunena kuti tanthauzo la mtsinje wothira m'nyanja ndi lachiwiri chabe, monga a Mwale akuganizira. Kwa anthu amene moyo wawo unali m'bwato, kusiyanitsa mtsinje umene umamva kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja ndi mitsinje ina ya kumtunda inali nkhani ya tsiku ndi tsiku, ndipo sizodabwitsa kuti anali ndi mawu akeake a mtsinje wotere. Dzina la mzinda woyandikana nawo wa Makati likuchitira umboni: linachokera ku mawu akuti kati, onena za kuphwa kwa madzi, pomwe mzindawu uli makilomita angapo kuchokera kugombe la Manila Bay. Anthu a kumeneko ankaona kuphwako pa mtsinje wa Pasig womwewu. Ngakhale dzina la mtundu wa anthuwa, Tagalog, ambiri amalimasulira kuti taga-ilog, anthu a kumtsinje, ngakhale ena amati ndi taga-alog, anthu a pamadzi osaya powolokera. Kumpoto kwa Manila, chigawo cha Pampanga chinatenga dzina ku mawu akuti pampang, amene ndi gombe la mtsinje. Anthu a dera lonseli ankadzitchula potsatira madzi amene ankakhala pafupi nawo.

Komabe pali chinthu chimodzi mu mzinda wa Pasig chimene chikuikira kumbuyo a Mwale, ndipo sindingachibise. Mzindawu unagawidwa m'madera 30 otchedwa barangay, ndipo limodzi mwa madera a pakati pa tauni yakale limatchedwa Kapasigan. M'Chitagalogi, ukaika ka- kumayambiriro kwa dzina ndi -an kumapeto, umapanga mawu onena za malo amene chinthucho chachuluka. Bundok ndi phiri, kabundukan ndi dera lamapiri. Gubat ndi nkhalango, kagubatan ndi dera lankhalango. Pulo ndi chilumba, kapuluan ndi gulu la zilumba. Mu Pasig momwemo muli dera la Caniogan, limene ndi kalembedwe ka Chisipanishi ka mawu ochokera ku niyog uja a Mwale atchula, kutanthauza malo a mitengo ya kokonati. Mulinso Manggahan, malo a mango, ndi Santolan, malo a mitengo ya zipatso zotchedwa santol. Potsatira kapangidwe kameneka, Kapasigan akumveka bwino kwambiri ngati malo a magombe amchenga.

Mchengawo lero simungauone. Magombe anamangidwa ndi makoma a simenti, ndipo mtsinjewu unaipitsidwa ndi zonyansa za m'mafakitale ndi m'nyumba mpaka mu 1990 unalengezedwa kuti ndi wakufa, kutanthauza kuti zamoyo zambiri za m'madzi sizikanathanso kukhalamo. Boma linakhazikitsa bungwe la Pasig River Rehabilitation Commission mu 1999 kuti liukonze, ndipo bungweli linathetsedwa mu 2019, ntchito yake n'kupatsidwa kwa nthambi zina. Amene akufuna kudziwa mmene mtsinjewu unalili kale angaone m'mutu woyamba wa buku la mlembi wa ku Philippines José Rizal la mu 1891, El Filibusterismo, mmene sitima yotchedwa Tabo ikukwera mtsinjewu movutikira kupita ku Laguna, amalinyero akuikankha ndi mitengo italiitali kuti isatitimire pamalo osaya.

Nankhoma anayankha kuti:

Ndikuthokoza a Mwale ndi a Mbewe, koma ndili ndi chidandaulo pa mmene mafotokozedwe enawo akankhidwira pambali popanda kuwayankha. Nkhani ya Chisansikiriti sinachokere kwa anthu ongocheza pamsika. Imatchulidwa pamodzi ndi dzina la José Villa Panganiban, amene anali mkulu wa bungwe la boma loona za chinenero cha dzikolo ndiponso mlembi wa mtanthauziramawu, ndipo tanthauzo limene limaperekedwa ndi lakuti mtsinje wochokera m'nyanja ina kupita m'nyanja inzake. Tanthauzo limeneli likugwirizana ndendende ndi zimene a Mbewe afotokoza za Laguna de Bay ndi Manila Bay.

Komanso sitingakane kuti Chisansikiriti chinafika kudera limeneli. Chitsulo chamkuwa cholembedwa chimene chinapezeka ku Laguna, ndipo chinamasuliridwa ndi Antoon Postma, chili ndi deti lofanana ndi chaka cha 900. Chinalembedwa m'Chimalay chakale chosakanikirana ndi mawu a Chisansikiriti, ndipo chimatchula Tundun, amene ambiri amavomereza kuti ndi Tondo, mudzi wakale wa kumpoto kwa mathiriro a mtsinje wa Pasig. Mpaka lero Atagalogi amati mukha ponena nkhope, guro ponena mphunzitsi, ndipo mulungu wamkulu wa makolo awo ankatchedwa Bathala, mawu onsewa ochokera ku India. Ngati mawu a nkhope ya munthu anabwerekedwa, chingaletse n'chiyani kuti dzina la mtsinje wa malonda libwerekedwenso?

Za nthano ya Paz ndi Virgilio, ndikuvomereza kuti si mbiri, koma ndikupempha Mayi Nachisale kuti asaitaye. Eni ake amaikamba ndipo amaikonda, ndipo mlendo sayenera kuchita manyazi ndi nthano imene eni mudzi sachita nayo manyazi.

Mwale anayankhanso kuti:

Mayi Nankhoma, chidandaulo chanu n'chomveka, ndipo ndinalakwa kudumpha mfundo imeneyi. Zonse zimene mwanena za chitsulo cha ku Laguna ndi za mawu obwerekedwa n'zoona. Koma kuti tinene kuti mawu akutiakuti anabwerekedwa, sikokwanira kusonyeza kuti kubwereka kunkachitika. Tiyenera kuloza mawu enieniwo m'chinenero chimene akuti anachokerako, ndi kusonyeza kuti maonekedwe ake ndi tanthauzo lake zikugwirizana. Pa mukha tingathe kuloza mukha wa Chisansikiriti. Pa guro tingathe kuloza guru. Pa Bathala tingathe kuloza bhattara, amene anadzera m'Chimalay ndi m'Chijava ngati batara. Pa pasig, amene amanena za India satchula mawu amodzi ogwirizana: wina alemba mwakuti, wina mwakuti, ndipo palibe amene amasonyeza buku la Chisansikiriti mmene mawuwo ali ndi tanthauzo la mtsinje wolumikiza nyanja ziwiri. Pamene mbali inayi tili ndi pasir, tili ndi dalampasigan, tilinso ndi lamulo la r ndi g lokhala ndi zitsanzo zambirimbiri. Ulemu umene Panganiban ali nawo pa ntchito yake yaikulu sungalowe m'malo mwa mawu amene akusowawo.

Ndikuonanso kuti kugwirizana ndendende kumene mwatchulako n'kokayikitsa m'malo molimbikitsa. Tanthauzo likafanana kwambiri ndi mapu a mtsinje umodzi wokha, kawirikawiri ndiye kuti linapangidwa ndi munthu amene ankayang'ana mtsinjewo, osati kuti mawuwo anabwera nalo.

Nkhani ya Legazpi ndi yofooka koposa. Munthuyu anafika ku Cebu mu 1565, anakhazikitsa Manila wa Asipanishi pa 24 June 1571, ndipo anamwalira mu 1572. Pamene ankafika, m'mbali mwa mtsinjewu munali kale maufumu: Maynila wa Rajah Sulayman kumwera kwa mathiriro, Tondo wa Lakandula kumpoto, ndi Namayan kumtunda pang'ono, kumene lero kuli Santa Ana. N'zosamveka kuti anthu amene ankalamulira malonda a mtsinjewu kwa zaka mazana anadikira mlendo kuti awapatse dzina lake, ndipo ngakhale zilembo za Legazpi muzitembenuze motani, sizibala Pasig mwa njira iliyonse imene Chitagalogi chimasinthira maina a Chisipanishi. Ya mabagsik nayo ikufuna kuti eni chinenero asiye mawu awo omveka bwino n'kutengera katchulidwe kolakwika ka alendo, chonsecho mtsinje umene a Mbewe afotokoza ndi wofatsa nthawi zambiri, moti umabwerera ngakhale m'mbuyo.

Pa nthano ya Paz ndikugwirizana nanu kuti isatayidwe, malinga ngati ikambidwa ngati nthano. Ili m'gulu la nthano zambiri za ku Philippines zimene zimafotokoza dzina la malo ngati mawu amene munthu wina anamva molakwa kapena modukiza. Za Calamba amati msilikali wa Chisipanishi anafunsa dzina la mudzi, ndipo mayi wogulitsa mbiya, poganiza kuti akufunsidwa za katundu wake, anayankha kuti kalan ndi banga, kutanthauza mbaula yadothi ndi mtsuko. Za Makati amati Legazpi yemweyo anafunsa dzina la malo ndipo anamuyankha za madzi amene ankaphwa. Chimene chimandikhudza mtima pa nthano ya Paz n'chakuti ikufotokoza dzina la Chitagalogi pogwiritsa ntchito Chisipanishi ndi maina a Chisipanishi. Ikusonyeza kuti panafika nthawi imene mawu akuti pasig anali atazilala m'makutu mwa eni ake, mpaka anayamba kufunafuna tanthauzo lake m'chinenero cha atsamunda amene anawalamulira zaka zoposa 300. Ana asukulu angaphunzire zambiri pa mfundo imeneyi.

A Mbewe, pa za tanthauzo loyamba sindikukutsutsani kotheratu. Chimene ndikunena n'chakuti m'banja lonse la zinenerozi mchenga ndiwo wakale. Ngati mukunena kuti pa nthawi imene mtsinjewu unkapatsidwa dzina Atagalogi anali atayamba kale kugwiritsa ntchito mawuwa ponena mtundu wa mtsinje, zimenezo n'zotheka ndithu, ndipo malo oyenera kuzifufuza ndi mabuku otanthauzira mawu amene ansembe analemba, monga la Pedro de San Buenaventura losindikizidwa ku Pila mu 1613, ndi la Juan de Noceda ndi Pedro de Sanlúcar la mu 1754.

Nachisale analembanso kuti:

Ndathokoza kwambiri nonsenu, makamaka chifukwa cha zitsanzo za layar ndi layag, zimene ndikukhulupirira kuti ophunzira anga azitha kuzitsatira pa bolodi mpaka kulosera okha mawu akuti pasig. Nthano ya Paz ndidzaikamba, Mayi Nankhoma, ndipo ndidzawauza anawo poyera kuti ndi nthano. Koma funso langa lachitatu likadali pomwepo. A Mbewe, inu amene munakhalako, kodi dzinali linayambira pa mtsinje kapena pa mudzi? Ndiponso dzinali limatchulidwa motani, kuti ndisakaliphunzitse mopotoka?

Mbewe anayankhanso kuti:

Mayi Nachisale, ndiyambe ndi katchulidwe. Mphamvu ya mawu imagwera pa phatikizo loyamba, ndipo n'chifukwa chake m'Chisipanishi amalemba Pásig. Chilembo cha g chakumapeto chimamveka, ndipo sichitsatidwa ndi liwu lina lililonse. Eni ake amati Ilog Pasig ponena mtsinje, ndipo amati Lungsod ng Pasig ponena mzinda. M'kalembedwe kakale ka Atagalogi kotchedwa baybayin, kamene kanali ndi zizindikiro 17, lembo lopanda liwu la kumapeto kwa phatikizo silinkalembedwa, moti dzinali likanaoneka ngati pa-si, ndipo wowerenga ankayenera kumalizitsa yekha.

Pa funso lanu, chimene chimavomerezedwa ndi ambiri, ngakhalenso mu mzindamo, n'chakuti mudzi unatenga dzina ku mtsinje. Dzina la mtsinje limagwira ntchito kuyambira pamene madzi amatuluka mu Laguna de Bay, pa Napindan, mpaka pa linga la Fort Santiago ku Intramuros, tauni yakale ya Asipanishi pafupi ndi mathiriro a mtsinjewu, ndipo mtsinjewu umadutsa kapena kukhudza Taguig, Pasig, Makati, Mandaluyong ndi Manila. Mzinda wa Pasig uli pachigawo chimodzi chabe cha ulendo umenewu, chakumtunda. Mtsinje umene umadula mzindawu pakati ndi wa Marikina, umene umatsika kuchokera kumapiri a kumpoto chakum'mawa n'kudzakumana ndi wa Pasig m'malire a mzindawu. Pamene mitsinje iwiri ikumana m'dera lathyathyathya ndi pamene mchenga ndi matope zimaunjikana kwambiri, choncho mudzi wa pamenepo unali woyenera dzinali kuposa midzi ina yonse ya m'mbali mwa mtsinjewu. Madzi a Marikina ndi amenenso amabweretsa kusefukira koopsa, monga kwa pa 26 September 2009 pa nthawi ya namondwe wotchedwa Ondoy, ndipo ngalande yaikulu ya Manggahan Floodway, imene inamalizidwa mu 1986, inakumbidwa kuti izipatutsira ena mwa madziwo ku Laguna de Bay asanafike ku Manila.

Mzindawu umawerengera zaka zake kuyambira pa 2 July 1573, nthawi ya ansembe a chipani cha Augustine Woyera, amene anakhazikitsa parishi yake. Mu 1901 unakhala likulu la chigawo chatsopano cha Rizal, mu 1975 unaikidwa mu Metro Manila, ndipo mu January 1995 anthu ake anavomereza pa voti kuti ukhale mzinda woima pawokha. Ngakhale unali utachoka m'chigawo cha Rizal, maofesi a chigawocho anakhalabe ku Pasig mpaka mu 2009 pamene anasamukira ku Antipolo, ndipo dera loyandikana ndi pamene panali nyumba ya boma la chigawo limatchedwabe Kapitolyo. Dera limene boti lija limayambira ulendo, Pinagbuhatan, ndi limene anthu a kumeneko amati ndi mudzi wakale kwambiri, ndipo dzina lakelo m'Chitagalogi limatanthauza pamene zinayambira. Lili kufupi ndi Napindan, pamene mtsinje umatulukira m'nyanja.